Musamaganize Kwambiri

Namwino wa pa Muloza wandimanga lamba pamkono,
wapopa, wapopa, wayang'ana nambala,
kenako wandiyang'ana ngati ndamubisira kanthu.
"Bambo Namakhwa, magazi anu akuthamanga.
Muchepetse mchere. Musamaganize kwambiri."
Ndati zikomo.
Mchere tinachepetsa kale, mwezi wa Febuluwale,
popanda wotiuza.

Njira yobwerera imadutsa m'minda ya esiteti,
tiyi wobiriwira ngati sanamvepo za ng'amba,
wometedwa bwino ngati mutu wa mwana wa bwana.
Wanga ndi mizere makumi atatu kuseri kwa nyumba,
pamalo a kuchikazi.
Dzana Felesiya anathyola kuyambira mame asanaume,
dengu kumsana, chiuno chikulira,
koma galimoto ya fakitale sinabwere.
Masamba anagona pansi pa mkuyu, napsa okha.
M'mawa mwake kalaliki anawanunkhiza, napukusa mutu.
Sikelo sinawaone n'komwe.

Musamaganize.
Nanga thumba la feteleza lija pa Chitakale,
limene linakwera mtengo ine ndili pamzere?
Nanga nandolo wanga, matumba anayi?
Venda wa pa Limbuli atatchula mtengo
ndinaseka, ndimayesa nthabwala,
ndinakankha njinga kubwerera nawo kunyumba.
Tsopano akugula ndi anankafumbwe,
iwowo saneneretsa, salipira.

Pakati pa munda pali mwala waukulu ngati nyumba.
Unatsika m'phiri usiku wa namondwe uja,
unakhala pamene panali chinangwa, sunapepese.
Ndimalima mouzungulira.
Mvula ikayamba kugunda malata
ana amathamangitsa mabeseni panja akuseka,
ine ndimatchera khutu kuphiri.

Usiku ndiye sukulu yanga ya masamu.
Lachinayi, banki m'khonde.
Fizi ya Rozina, temu yachiwiri, theka silinapite.
Katapila wa a Likaka amabereka ngati mbira,
amabereka ngakhale Lamulungu.
Ndimachotsera mbuzi, ndimaphatikiza ganyu,
ndimabwereka kwa mwezi umene sunabadwe,
yankho limatuluka lomwe lija.
Ndimafufuta, ndimayambiranso.
Tambala wa kwa Muhiwa amandipeza ndili pomwepo.

Muhiwa mwini tambalayo kulibe.
Tinkakhala tonse pabawo pansi pa mango,
ankadya nkhomo zanga akuimba mluzu.
Sanandiuze kanthu. Inenso sindinamufunse.
Amuna timafunsana za mvula ndi mpira basi.
Khasu lake analipeza lili chiimire pamzere,
ndime isanathe.
Pamaliro anati anadwala mwadzidzidzi,
tonse tinavomera, maso ali pansi,
tinaimba nyimbo zonse mpaka kumanda.
Pobwerera wina anati, mwamuna salira.
Ndinafuna kumufunsa kuti nanga amatani,
koma pakhosi panali mwala wanga uja.

Mapilitsi andipatsa makumi atatu, oyera, aang'ono,
limodzi m'mawa uliwonse, mutadya.
Mutadya.
Ndawaika pa alumali pafupi ndi khadi la tiyi.

Lero ndagona chagada, maso kudenga,
ndikupuma pang'onopang'ono ngati munthu wam'tulo.
Felesiya nayenso akupuma chimodzimodzi.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri pamphasa imodzi,
ndimadziwa kupuma kwake kwa tulo.
Uku si kumeneko.

"Mwafika pa zingati?" wafunsa mumdima.
Ndakhala chete. Mbewa yathamanga pamtanda.
"Ine ndafika pa fizi," wanena,
"koma ndalakwitsa penapake, ndayambiranso."
Ndatchula nambala yanga.
Koyamba kuimva ndi makutu anga,
ikutuluka m'kamwa ngati munga m'phazi,
ndi timagazi pang'ono.
Sanakuwe. Wangoti, "Mwaiwala nkhuku zitatu."
Taseka, motsitsa, kuopa kudzutsa ana.

Ngongole sinachepe ndi tambala imodzi.
Galimoto mwina ibwera, mwina ayi.
"Inu gwirani za a Likaka," wanena, "ine za sukulu.
Zinazo zigone panja ndi mbuzi."
Dzanja lake, lokhakhala ndi tiyi, lili pachifuwa panga
pamene pamathamanga magazi paja.
Tambala wa kwa Muhiwa walira kamodzi.
Kachiwiri sindinamumve.